Mbiri ya Kachirombo Kodziwa Kukhala Chete M'thupi

Amene anadwazikapo munthu wa mashingozi anaona chinthu chachilendo pa nthenda imeneyi. Matuza ake satuluka chisawawa. Amayambira kumsana, n'kutsata nthiti imodzi kapena ziwiri mpaka pachifuwa, ndipo akafika pakati penipeni pa thupi amaima. Mbali inayo khungu limakhala losalala bwinobwino. Kuno kwathu nthendayi inatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, itayamba kugwira anyamata ndi atsikana a mphamvu zawo, ndipo chipsera chake chinasanduka chinthu chimene anthu ankalozerana ndi maso pamaliro ndi pamjigo. Ambiri ankayesa kuti ndi matenda obwera kumene. Chonsecho kachirombo kake kanalowa m'matupi mwa anthuwo ali ana, pamene anadwala katsabola, ndipo kanakhala momwemo zaka 20 kapena 30 osachita kanthu.

Kukhala chete kumeneku ndi kumene kunazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka pafupifupi 100. Tizirombo tambiri tikalowa m'thupi timaswana, thupi n'kutigonjetsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Banja la tizirombo totchedwa herpes silitero. Likalowa lalowa. Mwa anthu mumapezeka mitundu 8 ya banjali. Pali kamene kamatulutsa tizilonda ta pamilomo munthu akadwala malungo, pali ka nsungu za kumaliseche, pali ka katsabola ndi mashingozi, ndiye palinso tiwiri timene timayambitsa khansa zodziwika kwambiri m'zipatala zathu. Tonseti timasinthasintha pakati pa kuswana mwaukali ndi kungokhala phee. Chimene chimalamulira kusinthaku chinapezeka m'majini a tiziromboti, ndipo mbali ina ya chidziwitsocho inachokera m'matupi mwa ana a mu Africa muno.

Funso la matuza oima pakati linayankhidwa msanga. Mu 1900, madokotala awiri ogwira ntchito ku England, Henry Head ndi A. W. Campbell, anapima mitembo ya anthu amene anadwalapo mashingozi. M'mbali mwa fupa la msana muli timfundo ta mitsempha, ndipo kamfundo kalikonse kamalandira mauthenga a kumva kukhudza ndi kupweteka kuchokera ku chigawo chake cha khungu, mbali imodzi yokha ya thupi. Awiriwa anapeza kuti kamfundo kamene kamayang'anira chigawo chimene panatuluka matuza n'kamene kanali kowonongeka. Nthendayo imachokera mkati, n'kutsika ndi mtsempha kupita kukhungu, ndipo imalekezera pamene mtsemphawo walekezera.

Zaka zingapo izi zisanachitike, dokotala wa ana wa ku Budapest, János Bókay, anali ataona kuti pakhomo pamene wamkulu wadwala mashingozi, ana amayamba katsabola patapita milungu iwiri kapena itatu. Koma amene analumikiza bwino zinthuzi sanali katswiri wa m'labotale. Anali dokotala wa m'tauni yaing'ono ya Cirencester ku England, dzina lake Edgar Hope-Simpson. Iyeyu ankadziwa odwala ake pafupifupi 3,500 nyumba ndi nyumba, ndipo kwa zaka 16 ankalemba m'kaundula aliyense wodwala mashingozi. Onse pamodzi anakwana 192. Mu 1965 anafotokoza zimene anapeza: mashingozi sabwera ngati mliri, sayendera nyengo, koma amachuluka munthu akamakalamba. Iye anati kachirombo ka katsabola kamabisala m'timfundo ta mitsempha tija, ndipo kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikafooka. Ine ndimaikonda ntchito ya bambo ameneyu chifukwa zida zake zinali kaundula, cholembera ndi kudekha, zinthu zimene chipatala chilichonse chaching'ono cha kumudzi chili nazo.

Komabe kunena kuti kachirombo kabisala ndi nkhani ina, kukagwira m'manja ndi nkhani inanso. Amene anakagwira ndi Jack Stevens ndi Marjorie Cook ku Los Angeles mu 1971. Iwo anabaya mbewa kuphazi ndi kachirombo ka zilonda za pamilomo. Mbewazo zinadwala, kenako zinachira. Patapita milungu, anachotsa timfundo ta mitsempha ya kumsana kwa mbewazo n'kutinyenyanyenya kuti aone ngati muli kachirombo. Sanapezemo kanthu. Koma atatenga timfundo tina tosanyenya n'kutisunga tamoyo m'mbale ya labotale, patapita masiku angapo kachirombo kanatuluka. Apa zinaonekeratu kuti m'mtsempha simukhala kachirombo kathunthu. Mumakhala malangizo ake okha, DNA yake, imene ikhoza kupanganso kachirombo nthawi ikakwana. Mu 1973 madokotala ena anapeza zomwezi m'timfundo ta mitsempha ya kunkhope kwa anthu.

Nthawi imeneyi n'kuti sayansi ya majini itasintha kwambiri. Mu 1961, ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris, François Jacob ndi Jacques Monod anaonetsa kuti selo siligwiritsa ntchito majini ake onse nthawi imodzi. Jini ndi kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteni inayake. Kuti puloteniyo ipangidwe, malangizowo amayamba akoperedwa pa kachingwe kena kosakhalitsa kotchedwa RNA, ndipo kachingweko n'kamene kamapita kumalo opangira mapuloteni. Kutsogolo kwa jini lililonse kuli malo oyambira kukopera, ndipo pali mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kukhala pamalo amenewo, ena kutsekulapo, ena kutsekapo. Jacob ndi Monod anaona zimenezi m'mabakiteriya. Ofufuza za herpes anaona kuti mwina chinsinsi cha kachirombo kawo chagona pomwepa.

Asanafike pa kubisala, anayamba ndi chinthu chosavuta kuona: zimene kachiromboka kamachita kakamaswana. Pa University of Chicago panali Bernard Roizman, amene anabadwira ku Chișinău mu 1929 ndipo banja lake linathawa nkhondo ya Hitler. Mu 1974, iye ndi mnzake wachinyamata wochokera ku Britain, Robert Honess, anachita kafukufuku amene mpaka lero amaphunzitsidwa m'makalasi. Anaika kachirombo ka zilonda za pamilomo m'maselo a munthu olimidwa m'mabotolo, n'kumawadyetsa chakudya chokhala ndi chizindikiro chapadera kuti puloteni iliyonse yatsopano ioneke. Ola ndi ola ankatapako maselo ena n'kuona mapuloteni amene apangidwa. Anapeza kuti mapuloteni a kachiromboka, omwe anawerenga pafupifupi 50, satuluka pamodzi. Ena amachuluka pakati pa maola 2 ndi 4 kenako n'kuzilala. Ena amafika pachimake pakati pa maola 5 ndi 7. Otsala amachuluka mochedwa, mpaka selo litafa tsiku lisanathe.

Nzeru yeniyeni inali pa chimene anachita kenako. Anathira mankhwala otchedwa cycloheximide, amene amaletsa selo kupanga puloteni iliyonse koma salepheretsa kukopera RNA. Anasiya maselowo choncho kwa maola angapo. Kenako anatsuka mankhwalawo n'kuthira ena oletsa kukopera RNA yatsopano. Tsopano selo likanatha kupanga mapuloteni kuchokera ku RNA yokhayo imene inakoperedwa poyamba paja, nthawi imene panalibe puloteni yatsopano ya kachirombo ngakhale imodzi. Anatuluka mapuloteni ochepa chabe. Honess ndi Roizman anatcha gulu limeneli alpha. Majini a gulu lachiwiri, la beta, sakoperedwa mpaka mapuloteni a alpha atapangidwa. Iwowa ndi amene amachulukitsa DNA ya kachirombo. Gulu lachitatu, la gamma, ndi la ziwalo zomangira tizirombo tatsopano, ndipo ambiri a iwo amadikira kuti DNA iyambe kaye yachuluka. Gulu lililonse limatsekula lotsatira, ndipo lotsatiralo limathandiza kuzimitsa loyamba lija.

Zaka za m'ma 1970 zomwezo kunadziwika kuti kachiromboka kalibe makina akeake okoperera RNA. Kamagwiritsa ntchito a selo lomwe kalowamolo. Majini a alpha alipo 5, ndipo ofunika kwambiri ndi aja a mapuloteni otchedwa ICP4 ndi ICP0. Chris Preston wa ku Glasgow anaonetsa mu 1979 kuti ICP4 ikalemala, kachirombo kamakakamira pa sitepe yoyamba, kamangopanga mapuloteni a alpha osapitirira. ICP0 imaphwasula mapuloteni amene selo limatumiza kuti akatsekereze DNA yachilendo. Palinso ina yaing'ono, ICP47, imene imatseka njira yomwe selo limaonetsera asilikali a m'thupi kuti lalowedwa.

Nanga majini a alpha amawatsekula ndani? Labotale ya Roizman inaona mu 1981 kuti chotsekulacho chimabwera ndi kachirombo komweko kuchokera kunja, ndipo mu 1984 gulu la Preston linachizindikira. Ndi puloteni yotchedwa VP16, imene imalongedzedwa mkati mwa kachirombo kalikonse pamene kakumangidwa m'selo lakale. Ikafika m'selo latsopano, imagwirana ndi mapuloteni awiri a selo lomwelo, Oct-1 ndi HCF-1, ndipo atatuwa amakhala kutsogolo kwa majini a alpha n'kuitana makina okopera. Puloteni imeneyi ndi yamphamvu kwambiri moti akatswiri anaitenga kukhala chida chawo. Kuyambira 1988 akhala akudula kachigawo kake n'kukalumikiza ku mapuloteni ena pofuna kutsekula jini lililonse lomwe akufuna, m'zomera, m'nyama ngakhale m'maselo a anthu. Zina mwa zimene timadziwa lero za mmene majini athu amatsekukira zinaphunziridwa pa kachirombo ka zilonda za pamilomo.

Mankhwala amene timawadziwa m'zipatala zathu, acyclovir, anabwera nthawi yomweyi. Gertrude Elion ndi anzake a ku kampani ya Burroughs Wellcome anafotokoza mmene amagwirira ntchito mu 1977, ndipo mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Mankhwalawa akalowa m'selo labwinobwino amangokhala. Amadzutsidwa ndi puloteni ya kachirombo ya m'gulu la beta, ndipo akadzuka amadula ntchito yochulukitsa DNA ya kachiromboko. N'chifukwa chake savulaza thupi kwenikweni. N'chifukwa chakenso sachiza kotheratu. M'selo limene kachirombo kagona, majini a beta ndi otseka, ndiye mankhwala alibe powagwirira. Wodwala mashingozi akawayamba m'masiku atatu oyambirira amathandizidwa, wa nsungu zilonda zimapola msanga, koma DNA ija imatsala m'mtsempha momwemo.

Tsono ofufuza anabwerera ku funso la kubisala. M'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti m'selo la mtsempha, DNA ya kachirombo imalumikiza nsonga zake ziwiri n'kukhala yozungulira, ndipo imakhala m'phata la selo pambali pa DNA ya munthu popanda kusakanikirana nayo. Mu 1987 Stevens yemwe uja, pamodzi ndi Edward Wagner ndi anzawo, anafufuza ngati pali jini lililonse limene likukoperedwa panthawi yogonayo. Kachiromboka kali ndi majini oposa 70, pa DNA ya zilembo pafupifupi 152,000 imene gulu la Duncan McGeoch ku Glasgow linamaliza kuwerenga mu 1988. Pa onsewo anapeza kuti malo amodzi okha ndi amene akukoperedwa kwambiri. RNA yotuluka pamenepo anaitcha LAT. Chodabwitsa n'chakuti imakoperedwa chobwerera, pa chingwe choyang'anizana ndi jini la ICP0. Mu 2008 labotale ya Bryan Cullen ku Duke University inapeza kuti LAT imadulidwa n'kutulutsa tizidutswa ting'onoting'ono ta RNA, ndipo tina mwa ito timatha kulepheretsa kupangidwa kwa ICP0. Kachirombo kamadzigwira kokha pakamwa.

Selo nalo limachitapo mbali yake. DNA yathu siikhala yotambasuka. Imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone, monga mmene amayi amakulungira mphasa n'kuimanga ndi luzi akafuna kuisunga, ndipo pamene yakulungidwa zolimba, makina okopera safikapo. Selo la mtsempha limakulunga DNA ya kachirombo chimodzimodzi, n'kuika zizindikiro pa ma histone zosonyeza kuti apa pasatsekulidwe. Pakhungu, VP16 ndi ICP0 zimachita changu n'kumasula DNA isanamangidwe. Koma mu mtsempha ulendo ndi wautali. Kuchokera pamlomo kapena kuphazi kukafika kumene kuli phata la selo, DNA imayenda m'kanjira kopapatiza, ndipo zikuoneka kuti VP16 yambiri imatsalira m'njira. Komanso Thomas Kristie anapeza mu 1999 kuti m'maselo amenewa HCF-1 imakhala kunja kwa phata, ndipo imalowamo selo likasautsidwa. Choncho DNA imafika yokha popanda choitsekulira, n'kumangidwa. Kutentha thupi, dzuwa lamphamvu, kuvulala kwa mtsempha kapena nkhawa yaikulu zimatumiza mauthenga amene amamasulako mangawo. Apo asilikali a m'thupi, amene amakhala atazungulira timfundo tija, amayesetsa kuzimitsa zinthu zisanakule. Akachepa, chifukwa cha ukalamba kapena HIV, kachirombo kamatsika ndi mtsempha.

Mbali ya mbiriyi imene imatikhudza kwambiri inayambira ku chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala. Mu 1957 dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, anaona kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Patangopita milungu yochepa anaonanso mwana wina wotero. Atafufuza m'mabuku a chipatala anapeza ambiri, ndipo mu 1958 analemba za khansa imeneyi, imene lero imadziwika ndi dzina lake. Chakumapeto kwa 1961, iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000 kwa milungu 10. Anayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, akuonetsa zithunzi n'kumafunsa ngati kumeneko amaona ana otere. Kuno anapeza kuti nthendayi imapezeka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, koma kumapiri kozizira ndi yosowa. Malire ake ankatsata kutentha ndi mvula. Poyamba anaganiza za kachirombo kofalitsidwa ndi udzudzu.

M'mwezi wa March chaka chomwecho, Burkitt anali atakamba nkhani ku Middlesex Hospital mu London, ndipo mmodzi mwa omvera anali Anthony Epstein. Iyeyu anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege. Kwa zaka zoposa ziwiri anayesa njira zonse osapeza kachirombo. Mu December 1963, ndege yonyamula kachidutswa kochokera m'nsagwada za mtsikana wa zaka 9 inapatutsidwira ku Manchester chifukwa cha chifunga, ndipo katunduyo anafika mochedwa. Madzi a m'botolo anali a mbuu. Aliyense akanati aola ndi mabakiteriya n'kutaya. Epstein anadonthezera pang'ono pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo anaona kuti mbuuwo ndi maselo a khansa amoyo, amene anagwedezeka paulendo wautaliwo n'kumayandama paokhapaokha. Iye ndi Yvonne Barr anawalima akuyandama choncho, ndipo anakula. Atawaunika pa makina amphamvu kwambiri pamodzi ndi Bert Achong, anaona tizirombo ta maonekedwe a banja la herpes. Anafalitsa zimenezi m'magazini ya The Lancet pa 28 March 1964. Aka kanali kachirombo koyamba kupezeka kuti kakukhudzana ndi khansa ya anthu, ndipo kamatchedwa Epstein-Barr, mwachidule EBV.

Pali mfundo ina pa zimene anaonazo imene tanthauzo lake linamveka patapita zaka. Tiziromboto tinkaoneka m'maselo ochepa chabe. Ena onse ankaoneka opanda kanthu, chonsecho DNA ya kachirombo inali m'selo lililonse. N'chifukwa chake Epstein analephera zaka zonse zija: m'chotupa chenichenicho kachirombo kamakhala kogona. Kenako kunadziwika kuti anthu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako kachiromboka, kamene kamafala kudzera m'malovu. Funso linakula. Ngati tonse tili nako, n'chifukwa chiyani khansayi imasankha ana a ku Nkhotakota ndi ku Nsanje?

EBV sikabisala m'mitsempha. Kamabisala m'maselo oyera a m'magazi otchedwa B, amene amapanga zida zolimbana ndi matenda. Maselo amenewa amagawikana, choncho kachirombo sikangangokhala chete kotheratu, kangasowe. Kali ndi magonedwe angapo. Kakangolowa kumene, kamatsekula majini a mapuloteni 9 amene amakakamiza selo kugawikana. Mapuloteni amenewa asilikali a m'thupi amawaona msanga, ndiye kachirombo kamayamba kuwatseka pang'onopang'ono, n'kusamutsa malo oyambira kukopera, mpaka m'maselo okhalitsa a m'magazi sikapanganso puloteni iliyonse. Mu 1987 Martin Rowe, Alan Rickinson ndi anzawo ku Birmingham anaonetsa kuti m'maselo a khansa ya Burkitt kachiromboka kamapanga puloteni imodzi yokha, EBNA1. Ntchito yake ndi kumangirira DNA ya kachirombo ku DNA ya selo kuti pogawikana iliyonse ipite ndi gawo lake, ndipo inapangidwa mwa njira yoti asilikali a m'thupi amavutika kuizindikira. Chodzutsa kachiromboka anali atachipeza kale Jill Countryman ndi George Miller ku Yale mu 1985: jini limodzi, BZLF1, limene likatsekuka limayambitsa ndondomeko yofanana ndi ija ya alpha, beta ndi gamma.

Khansayo payokha ndi nkhani ya jini lotsekuka pamalo olakwika. M'maselo ake, kachidutswa ka kromozomu nambala 8 kamaduka n'kukalumikizika kwina, kawirikawiri ku nambala 14. Mu 1982 kunadziwika kuti pa kachidutswako pali jini lotchedwa MYC, limene limauza selo kuti likule ndi kugawikana. Kumene lasamukirako ndi pafupi ndi majini a zida zolimbana ndi matenda, malo amene m'selo la B amakhala otsekula usana ndi usiku. MYC ndiye sazimanso. Selo lotere limayenera kudzipha lokha, koma EBV kamalithandiza kupulumuka. Apa ndi pamene pamalowera malungo. Mwana amene akudwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake a B amagawikana mosalekeza, puloteni imene imadula ndi kusintha DNA ya maselowo imachuluka, ndipo asilikali oyang'anira EBV amafooka. Mapu a Burkitt anali mapu a malungo. Udzudzu unali m'nkhaniyi ndithu, kungoti sunkanyamula kachirombo kamene iye ankaganizira.

Khansa ya Burkitt ndi imene yakhala ikutsogola pa khansa za ana m'Malawi. Chotupa chake chimakula mofulumira kwambiri, moti nkhope ya mwana imasintha m'milungu yochepa, koma chimamvanso mankhwala msanga. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo anatha zaka zambiri akukonza njira zoperekera mankhwala zimene ana ofooka ndi njala angazipirire, ndipo ana pafupifupi theka ankachira. M'mayiko olemera amachira oposa 90 pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku kumandiwawa, chifukwa maselo amene anaphunzitsa dziko lonse za EBV anachokera mwa ana a kuno ku Africa.

Kachirombo komaliza m'banjali kanapezeka chifukwa cha Edzi. Khansa ya pakhungu imene Moritz Kaposi anafotokoza ku Vienna mu 1872 inalipo kale m'chigawo chathu chino, makamaka m'miyendo ya amuna achikulire, ndipo inkayenda pang'onopang'ono. Mu 1983 dokotala wa maopaleshoni ku University Teaching Hospital mu Lusaka, Anne Bayley, anaona kuti yasintha khalidwe: ikugwira achinyamata, ikufalikira m'kamwa ndi m'mapapo, ikupha m'miyezi yochepa. Mu 1994 Yuan Chang ndi mwamuna wake Patrick Moore, ku Columbia University mu New York, anayerekeza DNA ya pachotupa ndi ya pakhungu labwino la wodwala yemweyo, n'kuchotsa zonse zofanana. Panatsala tizidutswa tachilendo, ndipo tinali ta kachirombo ka herpes kamene kanali kasanadziwike. Nakonso kali ndi puloteni yomangirira DNA yake pogona, LANA, ndi jini limodzi lodzutsa, RTA, limene linapezeka mu 1998. Kalinso ndi majini amene makolo ake anatenga m'maselo a zinyama kalekale, olamulira kugawikana kwa selo ndi kutupa. M'chotupa cha Kaposi maselo ambiri ali ndi kachirombo kogona, ochepa ali ndi kodzuka, ndipo odzukawo amatulutsa zinthu zimene zimakulitsa anzawo ndi mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake zotupazo zimaoneka zakuda mofiirira.

Kuno ambiri amatenga kachirombo kameneka ali ana, kudzera m'malovu, ndipo amakhala nako moyo wonse osadwala. HIV ndi imene inachotsa alonda. Kaundula wa khansa m'Malawi wa zaka za 2007 mpaka 2010 anaonetsa kuti pa odwala khansa atatu alionse, mmodzi anali wa Kaposi. Mankhwala amene athandiza kwambiri pa khansa imeneyi salimbana n'komwe ndi kachirombo kake. Ndi ma ARV, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004. Chitetezo chikabwerera, mashingozi amachepa, ndipo zotupa za Kaposi zimene zapezeka msanga nthawi zambiri zimaphwa.

Mpaka lero palibe mankhwala m'chipatala chilichonse amene amachotsa DNA yogonayo. Ofufuza akuyesa njira ziwiri zotsutsana. Ena akufuna kudzutsa kachirombo mwadala mkati mwa chotupa, kuti majini a beta atsekuke ndipo mankhwala a mtundu wa acyclovir apeze pogwira. Ena akufuna kuidula DNA ili chigonere. Mu 2020 gulu la Keith Jerome ku Seattle linatumiza mapuloteni odula DNA m'mitsempha ya mbewa ndipo m'timfundo tina anachotsa kachirombo koposa 90 pa 100. Katemera wa katsabola ndi wa mashingozi alipo m'mayiko olemera. Wa EBV palibe. Epstein anayamba kulimbikitsa za katemerayu m'zaka za m'ma 1970, ndipo anamwalira mu February 2024 ali ndi zaka 102 asanamuone. Amene akhala akuyesedwa m'zaka zaposachedwapa akhala akuyesedwa makamaka pa achinyamata ndi akuluakulu a ku America, kumene ambiri amatenga kachiromboka atakula n'kudwala nthenda ya zilonda zapakhosi ndi kufooka kwa milungu ingapo. Kumadera a malungo mwana amakatenga asanayambe n'kuyankhula komwe, ena asanakwanitse miyezi 6, moti katemera woti ateteze mwana wa ku Chikwawa ayenera kuyesedwa pa makanda, kuno, ndi kuperekedwa kusikelo ya ana pamodzi ndi akatemera oyambirira.